Momwe mungajambulire ulendo wa receptor ya histamine kuti musauiwalenso

Ophunzira zamankhwala ambiri amaloweza bwinobwino kuti histamine, kemikolo yomwe thupi limapanga, ali ndi ma receptor anayi, H1 mpaka H4, omwe ndi mapuloteni a pa selo olandira uthenga wake. Koma mukawafunsa chifukwa chomwe selo limasiyira kumvera histamine akachuluka kwa nthawi, amangokanda m'mutu. Nkhani imeneyi imavuta kuigwira pongowerenga. Tengani pepala lalikulu, pensulo, bolopeni yofiira ndi yabuluu, muijambule nokha.

Yambani ndi mizere iwiri yopingasa pakati pa pepala. Ameneyo ndiye membrane, kachikopa kokuta selo. Receptor muijambule ngati ulusi wolowa ndi kutuluka pa kachikopako kasanu ndi kawiri, mutu kunja, mchira m'kati. Pansi pake ikani G protein, puloteni yopititsa uthenga wa receptor m'kati mwa selo. Ya H1 ndi Gq, yomwe imakweza calcium m'selo, ndipo n'kumene kumachokera kuyabwa ndi kuyetsemula. Ya H2 ndi Gs, yokweza cAMP (kemikolo yonyamula uthenga m'selo), yomwe imachititsa m'mimba kutulutsa asidi.

Tsopano tengani bolopeni yofiira, ndipo apa musathamange. Histamine akakhala pa receptor, puloteni yotchedwa GRK2 imabwera n'kumata phosphate pa mbali za receptor zomwe zili m'kati mwa selo. Ikani timadontho tofiira pamenepo. GRK sikhudza receptor yomwe yangokhala phee, imasankha yokhayo yomwe ikugwira ntchito. Timadonthoto timakopa puloteni ina yotchedwa beta-arrestin, yomwe imadzakhala malo a G protein n'kuitsekera kunja. Pambali lembani nthawi yomwe izi zimatenga: masekondi mpaka mphindi zochepa.

Yang'anani bwino chithunzi chanu. Receptor ikadali pamwamba pa selo, histamine akadali pomwepo, koma uthenga sukudutsanso. Imeneyi ndiyo desensitization, kugontha kwa receptor, ndipo yachitika receptor isanasunthe n'komwe. Ambiri amalakwa pomwepa, amalemba ngati kugontha kwa receptor ndi kulowa kwake m'selo n'chinthu chimodzi. Ayi ndithu, kugontha kumayamba, kulowa kumatsatira. Kumvetsa GRK ndi arrestin kunachokera kwambiri ku labotale ya Robert Lefkowitz ku Duke University, yemwe analandira mphotho ya Nobel mu 2012 limodzi ndi Brian Kobilka.

Pakona jambulaninso kamuvi kochokera ku PKC. Puloteni imeneyi imatha kugonthetsa H1 ngakhale itadzutsidwa ndi receptor ina, histamine palibe.

Kenako bolopeni yabuluu. Arrestin imaitana mapuloteni otchedwa AP2 ndi clathrin, ndipo kachikopa kaja kamayamba kubonyokera m'kati, kupanga kadzenje komwe receptor ili pansi pake. Puloteni ya dynamin imazungulira khosi la kadzenjeko n'kulifinya mpaka kuduka, monga mayi wogulitsa freezes amapotokolera kukamwa kwa kapulasitiki. Kathumba kodukako kamapita ku endosome, kathumba kena ka m'selo komwe zolowa zimasankhidwira. Nthawi yake ndi mphindi zingapo kufika theka la ola.

Kuchokera pa endosome tulutsani mivi iwiri. Woyamba ubwerere pamwamba. M'kati mwa endosome muli asidi pang'ono, histamine amachoka, phosphate imachotsedwa, ndipo receptor imabwerera yokonzeka kumvanso. Pa H2, ntchito yochotsa phosphate imagwiridwa ndi puloteni yotchedwa PP2A. Ndiye kulowa m'selo si chilango chokha ayi, n'komwenso receptor imakatsukidwira. Muvi wachiwiri upite ku lysosome, kathumba ka m'selo komwe receptor imaphwanyidwa. Izi zimachitika histamine akakhalitsa maola ambiri, ndipo selo limayenera kupanga ma receptor atsopano. Lembani downregulation pamenepo, kutanthauza kuchepa kwa chiwerengero cha ma receptor.

Chithunzi chikatha, chiyeseni ndi zomwe amachita mu labotale. Maselo akaikidwa pa 4°C, kulowa kumaima. Akathiridwa sucrose wambiri, clathrin imalephera kupanga kadzenje. Phimbani ndi dzanja mbali yabuluu yonse, mudzifunse ngati selo lingagonthebe. Lingagonthe, chifukwa zofiira zija zikadalipo. Chomwe chasokonekera ndi kuchira kwake.

Chomaliza n'kutembenuza pepala ndi kujambula zosiyana. M'malo mwa histamine, ikani cimetidine, mankhwala a zilonda zam'mimba ochokera ku ntchito ya gulu la James Black, lomwe linafotokoza H2 mu 1972. Receptor ya H2 imagwira ntchito pang'ono ngakhale popanda histamine, ndipo mankhwalawa amaizimitsiratu. Mu 1996, akatswiri a ku Vrije Universiteit ku Amsterdam anaonetsa kuti cimetidine ndi ranitidine akakhalitsa pa maselo, ma receptor a H2 amachuluka. Chimenechi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe zimaperekedwa pofotokoza kuchepa mphamvu kwa mankhwala a gulu lomweli ngati famotidine munthu akamwa tsiku ndi tsiku, komanso kubwerera mwaukali kwa asidi akasiya mwadzidzidzi. Kukwera kwa gastrin, homoni yochititsa m'mimba kutulutsa asidi, nako kumathandizira. Choncho wodwala akadzakuuzani kuti, "Adokotala, mankhwala aja anasiya kugwira," musathamangire kumuonjezera mapiritsi. Mufunseni kaye wakhala akumwa kwa nthawi yaitali bwanji, komanso ngati anayezedwapo H. pylori, bakiteriya yemwe amayambitsa zilonda zam'mimba.