Khansa ya bere si imodzi: mmene mungadziwire mtundu wanu chipatala chikakhala kutali

Anthu timangoti "awapeza ndi khansa ya bere" basi, ngati kuti ndi matenda amodzi, pomwe ilipo mitundu itatu ikuluikulu ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Kumudzi ambiri amalandira chithandizo osadziwa n'komwe kuti yawo ndi iti, ndiye tiyeni tione zoti muchite.

Mukapeza chotupa m'bere kapena m'khwapa pitani akakuoneni olo chisakupweteka, chifukwa khansa yambiri poyamba sipweteka. Chimodzimodzi nsonga ya bere ikalowa mkati kapena ikamatuluka magazi. Zotupa zambiri si khansa ayi koma ndi manja simungadziwe. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amafuna kuti kupima konse kuthe pasanadutse masiku 60 kuchokera tsiku lomwe mwafika kuchipatala koyamba, ndiye akakuuzani kuti "mudzabwerenso", funsani kuti liti, kuti, ndipo mukaonane ndi ndani.

Kenako ndi biopsy, amadula kanyama pang'ono n'kukatumiza ku labu. Apa ndi pomwe muyenera kulimba mtima n'kufunsa adokotala kuti, kodi ayezanso ER, PR ndi HER2? Zitatuzi ndi zizindikiro zomwe amaziyang'ana m'maselo a khansa kuti adziwe mtundu wake, ndipo kuyeza kumeneku amati IHC. Ndipo pali chinthu china chomwe ambiri sachidziwa, kanyama kaja kakuyenera kulowa mu formalin, mankhwala amadzi osungira kanyamako kuti kasawonongeke, msanga, mkati mwa ola limodzi, ndipo kasakhalemo kupitirira maola 72 kasanakonzedwe. Kakachedwa m'njira kapena kakasungidwa molakwika, zotsatira zitha kunena kuti ER palibe chonsecho ilipo, ndiye mayi n'kumanidwa mapiritsi omwe akanamuthandiza zaka zambiri. Kufunsa kuti sampulo inyamuka liti si mwano.

Zotsatira zikabwera, mtundu woyamba ndi wa ER kapena PR positive, khansa yomwe imakula ndi mahomoni a m'thupi. Pa amayi 10 aliwonse odwala khansa ya bere pafupifupi 7 amakhala ndi umenewu, ndipo ndi womwe kumudzi ungalimbane nawo bwino chifukwa mankhwala ake, tamoxifen, ndi otchipa, piritsi la tsiku ndi tsiku kwa zaka 5, ena mpaka 10, ndipo amachepetsa imfa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Vuto lake ndi loti munthu akapeza bwino amasiya. Musasiye. Thupi kutentha mwadzidzidzi kumachitika, bola kupirira, koma mukaona magazi akutuluka kumaliseche mosayembekezeka kapena mwendo watupa n'kumapweteka, thamangani kuchipatala. Woyembekezera samwa tamoxifen.

Wachiwiri ndi HER2 positive, umakula msanga, mankhwala ake ndi trastuzumab pamodzi ndi kimo (mankhwala amphamvu opha maselo a khansa), nthawi zambiri kwa chaka chimodzi. Trastuzumab ndi wodula ndipo sapezeka paliponse, komabe funsani, ndipo akasowa, opaleshoni ndi kimo zimathandizabe.

Wachitatu ndi triple negative, kutanthauza kuti zitatu zonse zija palibe. Umapezeka kwambiri mwa amayi achichepere komanso akuda, tamoxifen sagwira ntchito apa, chodalira ndi kimo ndi opaleshoni, ndiye kudumpha ndime ya kimo chifukwa cha ulendo ndi koopsa kwambiri pa mtundu umenewu.

Koma kunena zoona chomwe chikupha amayi akumudzi si mtundu wokha, ndi kufika mochedwa komanso kusamaliza chithandizo. M'mayiko olemera amayi oposa 90 pa 100 amakhala moyo zaka 5 atawapeza ndi khansayi, ku India ndi 66, ku South Africa ndi 40, malinga ndi WHO. Matenda ndi omwewo, kusiyana ndi nthawi.

Ndiye musanayambe kimo khalani pansi ndi abale mugwirizane za thiransipoti ya ndime zonse osati yoyamba yokha, komanso amene azikuperekezani. Pemphani pepala la zotsatira, lijambuleni pa foni, lina lisungidwe ndi m'bale wanu, chifukwa mafayilo amasowa ndipo kubwereza biopsy kumadya miyezi. Papepalapo paoneke mtundu ndi siteji (pomwe khansayo yafika), ndipo ngati mukumwa tamoxifen kakatengeni wina mapiritsi a milungu iwiri akadalipo.