Buku la nthano likakhala limodzi, kalasi itadzaza

Aphunzitsi a Giredi 1 ndi 2 kuno ku Chipata, buku la nthano likakhala limodzi lokha, musaliyendetse m'manja mwa ana, lidzang'ambika temu isanathe. Likopereni pa mapepala aakulu.

Dulani manila anayi pakati, mupeza masamba asanu ndi atatu. Tsamba lililonse likhale ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri basi, zilembo zotalika ngati chala, zolembedwa ndi maka yakuda. Yachikasu sioneka kutali. Mukalemba tsamba loyamba, kaimeni kukhoma lakumbuyo muone ngati likuwerengeka, musanaononge manila ena. Lembani mbali imodzi yokha chifukwa inki imadutsa.

Chikuto chikhale cha katoni. Boolani mabowo atatu, mumange momasuka ndi ulusi wa thumba la feteleza. Stepula imachita dzimbiri m'dzinja, masamba n'kuthothoka. Zithunzi ajambule ana a makalasi aakulu.

Powerenga, lozani pansi pa mawu ndi kamtengo, dzanja limaphimba zilembo. Motero mwana aliyense amaona liwu pa nthawi yomwe akulimva. Mukamaliza, lipachikeni pa chingwe kutali ndi khoma, chiswe chisalipeze.