Chimfine cha mphepo: mmene aku China amachithanirana nacho

Kwa asing'anga aku China mphepo si yongowomba panja ayi, amaitcha feng, ndipo buku lawo lakalekale la Huangdi Neijing limati ndiyo imatsogolera matenda ambirimbiri. Akuti imalowera kumbuyo kwa khosi, nchifukwa chake azigogo akumeneko sakulola kutuluka panja tsitsi lili lonyowa kapena khosi lili pamtunda.

Musanatereke poto pamoto dziwani kaye kuti yakugwirani ndi mphepo yanji, apa mpomwe ambiri amalakwitsa. Mukamanjenjemera, mamina akungotuluka ngati madzi, khosi lauma kumbuyoku koma thukuta osatuluka, imeneyo ndi yozizira. Koma kukhosi kukamawawa pomeza, ludzu, mamina achikasu, thupi kutentha kuposa kuzizidwa, ndi yotentha.

Yozizirayo dulani jinja wosaumitsa tizidutswa tinayi kapena tisanu, muikemo matsinde oyera a anyezi wamasamba awiri atatu, muwiritse mphindi 10 m'makapu awiri a madzi, kenako shuga wa bulawuni pang'ono. Imwani isanazizire nkudzifunda bulangeti. Tsono chinsinsi chili pa thukuta. Sing'anga wina wakale, Zhang Zhongjing, amene analemba buku la Shang Han Lun cha m'chaka cha 200 AD, analangiza kuti munthu akamwa mankhwala azitsamba otchedwa Gui Zhi Tang atsatize phala lotentha, afunde, thukuta lingonyowetsa khungu basi, osati kuyenderera ngati wagwa mumtsinje, chifukwa likachuluka limakufooketsa matenda osachoka. Malaya akanyowa sinthani msanga, fani zimitsani.

Yotenthayo jinja musiyeni, mungothira palafini pamoto. Amafuna zoziziritsa: masamba a mabulosi, maluwa a chrysanthemum ndi minti, zomwe zilinso mu mankhwala a Sang Ju Yin omwe sing'anga Wu Jutong analemba mu 1798. Mintiyo muponye kumapeto kwenikweni, mukaiwiritsa nthawi yaitali kafungo kamathawa.

Ngati mutu ukuwawa, pisani zala zazikulu m'timaenje tiwiri tili pansi pa chigaza kumbuyo, pomwe tsitsi limathera. Malowo ndi Fengchi, tanthauzo lake dziwe la mphepo. Dinani mozungulira mphindi imodzi, ine iyi ndiye ndimaikonda, sifuna kugula kanthu.

Zina nzosaseweretsa. Chitsamba cha Ma Huang, chomwe aku China amagwiritsanso ntchito pa chimfine, chili ndi mankhwala a ephedrine omwe amathamangitsa mtima nkukweza BP, ku America bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linaletsa kuchiika m'masapulimenti mu 2004, ndiye musamangoitanitsa pa intaneti. Ndipo kunena zoona tiyi wa jinja kapena wa masamba uja amangofewetsa thupi, chimfine chimatha chokha. Kwathu kuno kunjenjemera ndi kutentha thupi akhoza kukhala malungo, kayezetseni kaye. Palinso ina amati zhong feng, kumenyedwa ndi mphepo, munthu kamwa kupindika, mkono kufooka mbali imodzi, mawu osamveka. Imeneyo ndi sitiroko abale, osayamba kusenda jinja, pezani galimoto muthamangire naye kuchipatala.