Kukagula zinthu pa Rye Lane ku Peckham ngati mwangofika kumene ku London

Abale anga amene mwangofika kumene, tsiku lina nsima idzakusowani ndithu, ndipo mukadzafunsa anzanu ambiri adzakulozerani ku Peckham. Mukangotsika sitima pa Peckham Rye ndiye kuti mwafika kale pa Rye Lane, msewu wopanikizika koma anthu piringupiringu, mabasi ofiira akudutsa pomwepo, fungo la nsomba zouma lili guu ngati mwalowa mu msika wa Limbe. Chimene ndimawauza anthu nchakuti pamsewu umodzi womwewu pali mashopu a mitundu iwiri ndipo kagulidwe kake nkosiyana, mukasokoneza mumaluza ndalama.

Yambani ndi timashopu ta zakudya za ku Africa ndi mabutchala a halal. Ufa muzifunsa kuti maize meal, Iwisa kapena White Star wa ku South Africa amaphika nsima yabwinobwino, koma chonde musanyamule paketi yolembedwa cornflour poganiza kuti ndi ufa woyera, chimenecho ndi chokhuthalitsira supu. Bonongwe alipo, anzathu a ku Jamaica amamutcha callaloo. Therere, chinangwa, mbatata, zonsezo zili panja pomwepo. Ku butchala mukafuna nkhuku yolimba ngati yalokolo nenani hard chicken, mang'ina ndi cow foot, ndipo amakuduliranitu pamakina inu mukuona, ingowauzani kukula kwa nthuli zake. Maso anu akhale pa sikelo asanayambe kudula.

Kunoku ndiye kunenerera kumatheka, makamaka mukamagula zambiri, bokosi lathunthu la tilapia kapena thumba la ufa la 10 kg, mwina kusonkherana ndi anzanu awiri atatu nkugawana kunyumba. Tomato ndi anyezi amathira mtimbale tapulasitiki, mtengo ndi wa pa mbale, ndiye musanalipire tembenuzani wapansiyo muone chifukwa wofewa amakonda kubisala kumeneko. Tengani kashi pang'ono, ena salola khadi ngati mwagula zochepa. Ndipo ngati munabwera ndi mapaundi osungidwa kalekale kumudzi, dziwani kuti 20 ndi 50 zapepala zinasiya kugwira ntchito pa 30 September 2022, pano ndi zapulasitiki zokha, zakalezo mukasinthe ku Bank of England.

Mukalowa mu Primark, shopu yaikulu ya zovala, kapena supamaketi yaikulu nkhani yasintha. Mtengo wolembedwa ndi womwewo, VAT ili momwemo, wa pa tilu alibe mphamvu yokutsitsirani ndiye musamuvutitse. Chomwe mungachite nkuwerenga timalemba tating'ono pa shelefu tonena mtengo wa kilo kapena 100 g, pamenepo mpamene mumadziwa chotchipa chenicheni, osati kukula kwa paketi. Madzulo yang'anani masitika achikasu, zimenezo zatsitsidwa chifukwa deti yayandikira, nyama yake mukangofika nayo muike mu firiza. Jumbo imagulitsidwa, kuyambira 2021 ndi 10p kapena kuposa, bwerani ndi chikwama chanu. Lamulungu mashopu akuluakulu mu England amatsegula maola 6 okha pakati pa 10 mmawa ndi 6 madzulo, ambiri pofika 4 kapena 5 koloko atseka, ndiye ngati mumatuluka mochedwa ku tchalitchi guliranitu Loweruka mmamawa anthu asanachuluke.

Lisiti, abale, lisiti. Ine ndinagulapo ketulo pa kashopu kena ndi kashi osatenga pepala lililonse, sabata isanathe yasiya kuyaka, nditabwerera bambo wake anangoti sakundidziwa ndipo ndinalibe choonetsa. Lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limati chinthu chikakhala choonongeka mungachibweze pasanathe masiku 30 nkulandira ndalama zanu zonse, shopu yaikulu kapena yaing'ono chimodzimodzi, koma pamafunika umboni woti munagula pomwepo. Ngati mwangosintha maganizo basi, kapena diresi yomwe mumafuna kutumizira amayi mwaona kuti ichepa, lamulo silikakamiza shopu kulandira, zimatengera ndondomeko yawo, ndiye funsani musanalipire ndipo musachotse taki.

Jekete ya nthawi yozizira musathamangire yatsopano, yambani mwazungulira ma charity shop, ndi kaunjika yemweyo koma wopachikidwa bwino pamahang'ala.

Foni musaigwire mmanja mphepete mwa msewu, anyamata apanjinga zamagetsi amatsomphola nkuthawa musanakuwe nkomwe. Mukafuna kuona mapu lowani kaye pakhomo pa shopu. Zikachitika pompo imbirani apolisi pa 999, ngati zadutsa kale pa 101. Pobwerera kumbukirani kuti mabasi a mu London anasiya kulandira kashi mu 2014, mufunika Oyster, khadi yolipirira basi ndi sitima, kapena khadi ya ku banki, ndipo ngati mwagula ufa wa 10 kg uja bwerani ndi chikwama chamatayala, musakwere pamwamba pa basi, mukhale mmunsi pafupi ndi chitseko chotulukira.