Kupeza ndalama za banja lapakati ku Angónia

Mukufuna kudziwa ngati mabanja a m'boma la Angónia, ku Mozambique, akupeza bwino kuposa kale? Tengani kaundula kwa anyakwawa, musankhe makomo mwamaere. Funsani za chaka chonse: fodya, mbatatesi zogulitsa ku Ulongué, maganyu, ndalama zochokera kwa abale. Chimanga cha m'nkhokwe chiwerengereni pa mtengo wa pamsika, apo ayi mlimi aoneka ngati alibe kanthu. Makwacha a m'malire asintheni akhale metikali.

Pezani chiwerengero cha ndalama zonse za banja lililonse, mundandalike ziwerengerozo kuyambira chochepa, mutenge chapakati. Musaphatikize n'kugawa ayi. Mwini malole mmodzi angalemeretse mudzi wonse papepala.

Bwerezani mwezi womwewo chaka ndi chaka, muchotsepo kukwera kwa mitengo potsata ziwerengero za INE, bungwe la boma loona za ziwerengero. Kafukufuku wa INE wa ndalama za mabanja, wotchedwa IOF, wa 2014/15 ndi 2019/20 akuthandizani kuyerekeza ndi chigawo chonse cha Tete.