Kutchera kamera ya nyama zakutchire kuno ku Johannesburg

M'mapiri ozungulira mzinda uno, monga ku Klipriviersberg ndi ku Suikerbosrand, usiku mumayenda nungu, nkhandwe ndi agwape. Akatswiri a zanyama sangafike paliponse, n'chifukwa chake amadalira anthu odzipereka otchera makamera odzijambulira okha. Abale athu ambiri amene mumalondera kapena kusamalira minda ya m'mapuloti mumadziwa kale timikwaso ta nyamazi, ndipo ntchitoyi mungaithe bwino.

Yambani mwapempha chilolezo kwa mwini malo kapena oyang'anira nkhalango. Mukaloledwa, funani pamene pali mapazi, ndowe kapena minga ya nungu. Mangani kamera pamtengo wolimba, masentimita 40 mpaka 50 kuchokera pansi, mamita 3 mpaka 5 kuchokera pamkwaso. Iyang'ane mkwasowo chopendekera, chifukwa ikaudula mopingasa nyama imadutsa msanga n'kusiya mchira wokha pachithunzi.

Kamerayi imadzuka ikamva chinthu chofunda chikuyenda. Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Udzu wotenthedwa ndi dzuwa ukamagwedezeka ndi mphepo, kamera imajambula usana wonse mpaka khadi yosungira zithunzi kudzaza ndi udzu wokhawokha. Mwetani udzu wonse wa patsogolo pake, ndipo nthawi ya mvula muzibwerako kukamweta, popeza umakula msanga. Kamera ilozetseni kummwera: kuno dzuwa limadzera chakumpoto, pomwe kummawa ndi kumadzulo limathobwa galasi.

M'nyengo yozizira, June ndi July, mabatire wamba amafooka usiku. Gulani a lithium. Ndi nyengo yomweyonso imene tchire limapsa, choncho lambulani mozungulira mtengowo. Za akuba musazitenge mopepuka: ikani kamera m'kabokosi kachitsulo kokhoma ndi loko, ndipo sankhani yamtundu umene nyali yake sioneka usiku.

Musanachoke, konzani deti ndi nthawi pakamera, lembani nambala za GPS zosonyeza malowo kuchokera pafoni, kenako dutsani patsogolo pake chokwawa kuti muone ngati yakujambulani. Musaike nyambo, imasokoneza mayendedwe a nyama ndipo chiwerengero chimanama.

Chimene timachigogomezera kwambiri ndi kope. Lembani tsiku limene mwatchera, limene mwachotsa, ndi masiku amene kamera inali yakufa. Akatswiri amayerekeza zithunzi za nyama ndi masiku amene kamera inagwira ntchito, kotero sabata imene simunajambule kanthu nayonso ndi yofunika. Musaibise poganiza kuti mwalephera.

Zithunzi tumizani ku iNaturalist, tsamba la pa intaneti losonkhanitsa zithunzi za zamoyo, kapena kwa amene akutsogolera kafukufukuyo. Za anthu odutsa fufutani, musaziike pa Facebook. Mukajambula nyama imene alenje amaisaka kwambiri, bisani malo ake enieni, ndipo mukaona misampha yawaya pafupi ndi kamera dziwitsani oyang'anira malowo tsiku lomwelo.