Mmene ndinathetsera kuola kwa atitchoku m'dimba langa ku Mulanje

Atitchoku, mbewu imene anthu amadya mutu wake, anachokera kumayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, kumene nyengo yotentha imakhala yopanda mvula, ndipo mpaka lero Italy, Spain ndi Egypt ndiwo amalima kwambiri mbewuyi. Kuno kwathu mvula ya Januwale ndi Febuluwale inkaoletsa tsinde pamalo pamene limakumana ndi mizu, masamba n'kumafota ngakhale nthaka inali yonyowa.

Ndinakweza mabedi kufika masentimita 30, ndinasakaniza dothi ndi mchenga komanso manyowa owolerana bwino, kuti madzi asamadikhe. Popeza dothi lofiira limene tiyi amakondwa nalo limakhala ndi asidi wambiri, pomwe atitchoku amafuna pH (muyeso wa asidi m'dothi) ya pakati pa 6.5 ndi 7.5, ndinathiramonso laimu, ufa wochepetsa asidi m'dothi. Ana ophuka m'mbali mwa tsinde ndimawaoka mu Epulo, motalikirana mita imodzi komanso mosakwirira mtima wake, ndipo kuzizira kwa chiperoni mu Juni ndi Julayi kumawathandiza kutulutsa mitu. Kuolako kunatheratu, zomwe zinandisangalatsa kwambiri.

Mutuwo ndi duwa losamasula, choncho ndimadula usanatseguke. Ndimauwiritsa kwa mphindi 30 kapena 40 m'madzi a mchere ndi mandimu, amene amateteza podulapo kuti pasade.